Chiliza chikhoza kudikira, mbewu za amayi sizidikira

Maliro akatha, anthu n'kubalalika, banja limakhala pansi kukambirana za zinthu zimene sizithawa: nyumba, mapepala a malo, mipando, chiliza. Zimene zikufa tsiku lomwelo palibe amazitchula. Kuseri kwa nyumba kuli zitini za maluwa zimene malemu ankathirira m'mawa uliwonse, ndipo papita masiku khumi zisanalawe madzi. Pa alumali pali timabotolo ndi timapepala tokulunga njere, topanda dzina chifukwa mwini wake ankazidziwa ndi maso. Pabwalo pali mtengo wa zipatso umene aliyense woyandikana nawo anadyapo, umene mwina udulidwa chaka chamawa nyumbayo ikagulitsidwa kapena wina akafuna kuwonjezera chipinda.

Mayi amene anali wopatsa ndiponso wokonda zachilengedwe amasiya cholowa chamoyo, ndipo chamoyo chikasowa wochisamala chimatsatira mwini wake. Ine ndikuti ntchito yoyamba yokumbukira mayi wotere ndi kupulumutsa zimene iwo ankasunga ndi moyo, kuzichulukitsa, n'kuzigawa monga ankachitira eni ake. Zogula zatsopano zolembapo dzina zibwere pambuyo. Mwala mukauika chaka chino kapena patatha zaka zisanu udzakhala womwewo. Njere ya mango ikagona mwezi padzuwa, yapita.

Ndikudziwa kuti munthu amene wangoika kumene mayi ake sakhala ndi mtima woganiza za ndowa ndi manyowa. N'chifukwa chake ntchito ya masabata awiri oyamba ikhale yochepa, yoti mnzanu kapena woyandikana naye angakugwirireni. Zomera za m'zitini zisunthidwire pamthunzi ndipo zithiriridwe dothi likauma kufika pa mfundo yoyamba ya chala. Musazithire feteleza, musazisinthe dothi. Chomera chimene chafota ndi ludzu feteleza amachiwotcha mizu. Chachiwiri, ndipo ichi n'chovuta chifukwa ochimwa ake amakhala a mtima wabwino: letsani abale obwera kudzathandiza kuti asalambule pabwalo. Chimene chikuoneka ngati tchire kwa munthu wonyamula chikwanje mwina ndi therere losiyidwa dala kuti likhwime njere, kapena duwa limene limagona pansi m'chilimwe n'kudzaphuka mvula ikagwa.

Kenako pezani mnzawo wa amayi, wa msinkhu wawo, muyende naye pamalopo foni ikujambula mawu. Iyeyo ndi amene angakuuzeni kuti ichi anachitenga kuti, chimachita maluwa mwezi uti, ankapatsa ndani. Chomera chilichonse chijambuleni ndipo chipatseni chizindikiro. Inki ya peni imafufuta ndi dzuwa m'miyezi yochepa. Pensulo pa kapulasitiki koyera imakhalitsa, ndipo chokhalitsa kuposa zonse ndi kachidutswa ka chitini cha aluminiyamu kamene mwadindapo dzina ndi nsonga ya bolopeni.

Njere zili m'magulu awiri, ndipo kusasiyanitsa maguluwa ndi kumene kumataya cholowa chambiri. Gulu loyamba ndi la njere zimene zimasungika zikauma: nyemba, maungu, tomato, mpendadzuwa, maluwa ambiri a pachaka. Adani ake ndi chinyezi ndi kutentha. Katswiri wa za mbewu wa ku America, Harrington, anasiya lamulo losavuta kuloweza: chinyezi cha mu njere chikatsika ndi 1 peresenti moyo wa njereyo umawirikiza kawiri, ndipo malo osungira akazizira ndi madigiri pafupifupi 5 umawirikizanso kawiri. Ndiye kuti botolo limene lili pawindo la kukhitchini, pofika dzuwa ndi nthunzi, lichoke lero. Yanikani njerezo pamthunzi podutsa mphepo kwa sabata imodzi kapena ziwiri, osati pa lata lotentha. Nyemba youma bwino mukaimenya ndi mwala imasweka. Ikangophwatalala ndiye kuti ikadali ndi madzi. Zouma ziikeni m'botolo lagalasi lotseka bwino, m'chipinda chozizira ndi chamdima. Ngati mukukayika za kuuma kwake, envelopu ya pepala ndi yabwino kuposa jumbo, chifukwa njere zachinyezi zikatsekeredwa zimachita nkhungu m'masiku ochepa.

Musakhulupirire botolo musanaliyese. Tengani njere 10 pa mtundu uliwonse, zikulungeni m'kansalu konyowa, ikani pofunda ndipo kansaluko kasaume. Pakatha masiku 7 mpaka 14 werengani zimene zatulutsa muzu. Zikamera 8 kapena kuposa, mbewuyo ili bwino. Zikamera 3 kapena 4, ikupita, ndipo iyenera kubzalidwa nyengo ikubwerayi kuti mukolole njere zatsopano. Njere za anyezi sizipitirira kwenikweni chaka chimodzi, pamene nyemba zosungidwa bwino zimafika zaka zitatu kapena zinayi, choncho mukudziwa choyambira. Dziwaninso kuti nyemba ndi tomato nthawi zambiri zimadzipatsa zokha mungu, motero ana ake amafanana ndi kholo, koma maungu amasakanizidwa ndi njuchi ndipo chimanga ndi mphepo. Mukabzala maungu a amayi pafupi ndi a mtundu wina, zaka ziwiri zokha mudzakhala mukusunga dzina, mbewuyo itasintha. Ndipo ngati amayi ankagula mbewu ya haibulidi, musavutike nayo: njere zake sizibereka mofanana ndi kholo.

Gulu lachiwiri ndi la njere zimene zikauma zimafa, monga mango ndi mapeyala. Izi sizisungidwa, zimabzalidwa m'masiku ochepa chipatso chikadyedwa. Koma apa pali nkhani imene ambiri amaizindikira zaka zitapita kale. Mtengo womera ku njere ndi mwana wa mtengo wa amayi, ndipo mwana satengera zonse. Peyala lobzala njere likhoza kutenga zaka zisanu, nthawi zina kuposa khumi, lisanabereke, n'kudzabereka zipatso zosiyana ndi zimene munkafuna. Mango ena, aja njere imodzi imatulutsa mbande zingapo, amatengera kholo; aja njere imatulutsa mbande imodzi yokha satengera. Amene akufuna mtengo weniweniwo umene amayi ankathyolako, wa kukoma komweko, ayenera kutenga nthambi yake.

Kwa maluwa ambiri ndi zitsamba, kudula nthambi n'kuizika kumakwanira. Dulani m'mawa nthambi yokhwima pang'ono, yonenepa ngati pensulo, yotalika masentimita 15 mpaka 20, yokhala ndi mfundo zitatu kapena zinayi. Chotsani masamba a m'munsi, a pamwamba musiye awiri ndipo ngati ndi aakulu muwadule pakati kuti asataye madzi ambiri. Zikani theka la nthambiyo mu mchenga wa kumtsinje wosakaniza ndi dothi pang'ono, pamthunzi, n'kuvundikira ndi jumbo yoonekera mkati. Zolakwika zake ndi ziwiri ndipo n'zofala: kuzika nthambi chozondotsa, kumutu kukhala pansi, ndi kuthirira mopitirira mpaka tsinde kuola. Mizu imatuluka pakati pa masabata 4 ndi 8. Dulani nthambi 10 ngati mukufuna zitatu.

Mitengo ya zipatso imafuna kukwatitsa, kutanthauza kulumikiza kanthambi ka mtengo wa amayi pa mbande ina. Pamafunika mbande ya pansi, yomera ku njere ya mtundu womwewo wa mtengo, yonenepa ngati pensulo, ndi kanthambi ka kunsonga kochokera ku mtengo wa amayi, kotalika masentimita 8 mpaka 10, kamene maso ake atupa koma sanaphukire. Mbande ya pansi iduleni pamwamba, muing'ambe pakati masentimita 3 kapena 4. Kanthambi kaja kasongoleni mbali ziwiri ngati mphero yoswera nkhuni, ndi mpeni wakuthwa ndi woyera, kamodzi n'kamodzi mbali iliyonse. Mukapalapala, podulapo pamakhala mabampu ndipo sipagwirana. Chinsinsi chonse chili pa kamnofu kobiriwira ka pansi pa khungwa. Ka kanthambi ndi ka mbande ya pansi ziyenera kukhudzana, ngakhale mbali imodzi yokha ngati kunenepa kwake kwasiyana. Mangani zolimba ndi kalamba ka pulasitiki kuti madzi asalowe ndiponso pasaume, vekani kajumbo pamwamba, ikani pamthunzi. Pakatha masabata atatu kapena anayi maso amaphukira ngati zagwirana. Kalamba kaja kamasuleni pakatha miyezi iwiri kapena itatu, apo ayi kamakanyanga tsinde likamanenepa. Mphukira iliyonse yotuluka m'munsi mwa pokwatitsapo ithyoleni ikadali yanthete, chifukwa mukaileka imakula mwamphamvu n'kupha ya pamwamba, ndipo mudzakhala mukusamala mtengo wachilendo m'dzina la amayi.

Ngati kukwatitsa simunakuchitepo, musaphunzirire pa mtengo umenewu nyengo ikutha. Itanani munthu wa kunazale, kapena mutengereni nthambizo tsiku lomwelo, zitakulungidwa m'nyuzipepala yonyowa ndi jumbo, osati zonyikidwa m'madzi. Kwa magwafa ndi mandimu pali njira ina yosafuna luso lalikulu: pa nthambi yonenepa ngati chala sendani khungwa mozungulira masentimita 2 kapena 3, palani kamnofu koterera kaja kuti khungwa lisalumikizanenso, kulungani utuchi woola kapena dothi lonyowa, mangani ndi pulasitiki mbali zonse ziwiri. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu mizu imaoneka, mukadula m'munsi mwake muli ndi mtengo wa amayi wachiwiri.

Machenjezo awiri, ndipo onse amapweteka mtima. Mtengo wodwala usachulukitsidwe. Malalanje amene masamba ake ali ndi mawanga achikasu osafanana mbali ziwiri za tsamba, zipatso zopindika ndi zowawa, akhoza kukhala ndi matenda amene amayenda ndi nthambi zokwatitsira, ndipo kugawa nthambi zake ndi kugawa matenda kwa aliyense amene amayi ankamukonda. Komanso ana amene amakhala kunja kwa dziko asabise njere kapena nthambi m'chikwama. Mayiko ambiri amaletsa kulowetsa zomera popanda chikalata cha zaumoyo wa zomera, ndipo zogwidwa pabwalo la ndege zimawonongedwa.

Tsopano nkhani ya kubzala mtengo wachikumbutso, imene aliyense amaitchula pamaliro a munthu wokonda chilengedwe. Lingaliroli ndi labwino ndipo lafika patali. Pa 5 June 2024 nduna yaikulu ya India, Narendra Modi, inakhazikitsa kampeni yotchedwa Ek Ped Maa Ke Naam, kutanthauza mtengo umodzi m'dzina la amayi. Mawu amene ndimawakonda m'dzina limeneli ndi akuti umodzi. Chisoni chimakonda manambala aakulu: amayi anali ndi zaka 70, tibzale mitengo 70. Koma chuluke chuluke ngwa njuchi. Kafukufuku amene anatuluka mu 2022, wounika malo 176 obwezeretsa nkhalango m'madera otentha a ku Asia, anapeza kuti mitengo 18 pa 100 iliyonse inkafa m'chaka choyamba, ndipo pofika zaka zisanu inkafika 44 pa 100. Ku Turkey pa 11 November 2019 anabzala mitengo 11 miliyoni tsiku limodzi. Isanathe miyezi itatu, bungwe la ogwira ntchito za ulimi ndi nkhalango linati pa mbande zimene linayendera, zofika 90 pa 100 zinali zitauma chifukwa zinabzalidwa mvula isanakwane. Boma linatsutsa chiwerengerocho, koma mkanganowo wokha ukuonetsa pamene pagona nkhani. Wangari Maathai, amene analandira mphoto ya Nobel ya mtendere mu 2004, anayamba bungwe lobzala mitengo lotchedwa Green Belt Movement ku Kenya mu 1977 ndi mitengo 7, ndipo amayi a m'bungwelo ankalandira kangachepe pa mbande imene yapulumuka, osati imene yangoikidwa m'dothi.

Choncho werengani madzi musanawerenge mitengo. Mbande imodzi imafuna malita 10 mpaka 20, kamodzi kapena kawiri pa sabata, nyengo yonse youma ya chaka choyamba ndi chachiwiri. Mitengo 70 ndi malita osachepera 700 pa sabata. Ngati palibe amene angatunge madzi amenewa, bzalani itatu.

Malo ake asankhidwe ndi mutu wozizira. Pamanda penipeni si pabwino: mizu imatukula chiliza ndi manda oyandikana nawo, manda ambiri ali ndi malamulo oletsa, ndipo ndi malo amene anthu safikako kawiri pa sabata ndi ndowa. Mtengo ubzalidwe pamene munthu woutsirira amadutsa tsiku ndi tsiku, pa malo amene umwini wake sudzakanganiridwa. Wokula kwambiri utalikire khoma la nyumba, chitsime ndi dzenje la zonyansa ndi mamita pafupifupi 10, ndipo yang'anani kumwamba ngati kuli mawaya a magetsi, chifukwa mtengo wofika pa mawaya umadulidwa mutu popanda kufunsa kuti ndi wa ndani. Ngati mukubzala kusukulu, kutchalitchi kapena pamalo ena a gulu, funsani amene adzauthirire ana akatsekera, ndipo dzina la munthuyo lilembedwe. Mtengo wa banja lonse ndi mtengo wopanda mwini: aliyense amayesa kuti mnzake wathirira.

Tsiku lobzala lisankhidwe ndi mvula, osati ndi kalendala ya maliro. Ngati tsiku lokumbukira imfa ya amayi limagwa m'chilimwe, kumanani tsiku limenelo, fesani njere m'machubu, kumbani maenje, koma kuokera kudikire mpaka nthaka itanyowa kufika pansi. Bzalani madzulo kapena tsiku la mitambo.

M'mera mpoyamba, ndipo mitengo yambiri yachikumbutso imaphedwa ndi dzanja lomwe laibzala, chifukwa chokwirira mozama. Dzenje likhale lotakata kawiri kapena katatu kuposa chubu, chifukwa mizu yodyera imayenda cham'mbali pafupi ndi pamwamba. Pa nthaka yolimba alimi a zipatso amakumba masentimita 60 mbali zonse ndi 60 kupita pansi; mukatero bwezeranimo dothi la pamwamba losakaniza ndi ndowa imodzi kapena ziwiri za manyowa oolerana, mulisiye masabata awiri kapena atatu kuti likhazikike. Mukabzala tsiku lomwelo, dothi limatitimira ndi mvula, mbande n'kutsika nalo. Pamene tsinde limakumana ndi mizu payenera kukhala pamwamba pa nthaka monga panaliri m'chubu. Mukapakwirira masentimita 10 okha, khungwa limakhala lonyowa nthawi zonse, limaola pang'onopang'ono, ndipo mtengo umafa chaka chachiwiri kapena chachitatu anthu n'kumati ndi chiswe. Pokwatitsa paja pakhale pamwamba kwambiri, osakhudza dothi.

Chubu chichotsedwe chonse, osati kungoboola pansi. Yang'anani mizu: ngati yazungulira ngati nkhata chifukwa mbande inakhalitsa m'chubu, imasuleni ndi zala, yokanika iduleni, apo ayi idzapitiriza kuzungulira mpaka kudzinyonga yokha. Pogula, musasankhe mbande yaitali kwambiri ya pa nazale. Ya masentimita 30 mpaka 50 ya tsinde lolimba imagwira msanga kuposa yaitali imene mizu yake inaboola chubu n'kudukira pansi. Manyowa aawisi amawotcha mizu ndipo feteleza asakhudze mizu konse. Tsenderani dothi ndi manja, pangani kamkombero kosunga madzi, thirani ndowa yathunthu pang'onopang'ono kuti dothi ligwirane ndi mizu.

Phimbirani ndi udzu wouma kapena masamba, kuchindikala masentimita 5 mpaka 10, mozungulira theka la mita kapena mita, koma musiye mpata wa chikhatho pakati pa zophimbira ndi tsinde. Zophimbira zounjikidwa pa tsinde zimaitana chiswe ndi kuola. Udzu womera pafupi ndi mbande umaimana madzi kuposa mmene anthu amaganizira, ndiye mita imodzi mozungulira ikhale yopalira kwa zaka ziwiri. Kuthirira pang'ono tsiku ndi tsiku kumakokera mizu pamwamba. Kuthirira kokwanira mwa apo ndi apo kumaitsitsa pansi. Chochirikizira chimangidwe momasuka ndi nsalu kapena mphira, mtengo uzigwedezeka pang'ono ndi mphepo chifukwa ndi mmene umalimbira, ndipo chichoke chaka chikatha. Mpanda wa ziweto ukhale wotalika mita imodzi ndi theka, ndipo udzu wa m'mbali ulambulidwe moto wolusa usanayambe. Mtengo wokwatitsa ukachita maluwa chaka choyamba kapena chachiwiri, athyoleni ngakhale mtima ukukana. Ukabereka usanalimbe, umapinimbira.

Chikwangwani cha dzina la amayi chisakhomedwe pa mtengo ndi msomali, chisamangidwenso ndi waya. Mtengo umanenepa, waya sakula, ndipo amadula njira ya chakudya pansi pa khungwa. Chiikeni pa mwala kapena pa kachitsulo pambali.

Pali amene amakana zonsezi ndi mfundo yomveka: mtengo ukafa, chisoni chimabwera kachiwiri, pamene mwala sukukhumudwitsa. N'zoona, ndipo munthu wosweka mtima sayenera kupatsidwa chinthu chimodzi chokha chosalimba n'kuuzidwa kuti amayi ako ndi awa. Yankho lake ndi kusaika chikumbutso chonse pa tsinde limodzi. Ku Ballarat, m'dziko la Australia, amayi ogwira ntchito pa fakitale ya zovala anabzala mitengo yoposa 3,700 pakati pa 1917 ndi 1919, m'mbali mwa msewu wa makilomita 22, uliwonse m'dzina la munthu amene anapita ku nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Mitundu ina imene anabzala sinachite bwino ndipo inasinthidwa ndi ina, koma mayina anakhala m'malo mwake, ndipo msewuwo ulipo mpaka lero. Inunso chitani zomwezo pang'ono: chomera chilichonse cha amayi chikhale m'manja atatu, pa malo atatu osiyana. Kwina kukagwa moto kapena mbuzi, kwina kudzapereka nthambi.

Ndipatukeko pang'ono. Si chilichonse chimene amayi ankakonda chimene chiyenera kugawidwa. Lantana, duwa lokongola lochokera ku America, ndi namasupuni wochokera ku South America, zonse zinafalikira m'maiko ambiri ngati zokongoletsa ndipo lero zikutsamwitsa msipu ndi mitsinje. Ngati zili pabwalopo, zithere pomwepo. Chimodzimodzinso maluwa apulasitiki ndi zibaluni zoulutsa pa mwambo wa chikumbutso: pulasitiki imafumbutuka ndi dzuwa n'kulowa m'nthaka, chibaluni chimakagwa kwina n'kumezedwa ndi chiweto kapena kamba wa m'madzi. Munthu amene ankatola zinyalala m'dimba mwake sakumbukiridwa ndi zinyalala. Ngati ankakonda mbalame, mbale yosazama ya madzi, masentimita 3 mpaka 5, yokhala ndi mwala pakati, imakwanira. Madziwo asinthidwe masiku awiri kapena atatu aliwonse chifukwa udzudzu umatha kuswana m'sabata imodzi kapena kupitirira pang'ono. Ndipo mitengo ikakhala pa maluwa, mankhwala ophera tizilombo akhale m'kabati, njuchi zigwire ntchito.

Kupatsa kwa amayi nakonso kuli ndi mizu imene imauma mwakachetechete. Munthu wopatsa kwenikweni salengeza, choncho ana ake omwe sadziwa onse amene ankadalira dzanja lake: mwana wa wina amene ankamulipirira sukulu, nkhalamba imene ankaigulira mankhwala mwezi ndi mwezi, wodwala amene ankakamuona Lachitatu lililonse. Anthu amenewa amabwera pamaliro, amalira, amabwerera osanena kanthu, chifukwa ndani angapemphe pa siwa? Mwezi wotsatira thandizo silibwera ndipo palibe wowauza chifukwa chake. Afufuzeni. Yang'anani m'kope la amayi, m'mauthenga otumizira ndalama a pafoni yawo, funsani mnzawo uja munayenda naye m'dimba. Mukapeza mndandanda, ugaweni mosabisa: zimene zili ndi mapeto, monga sukulu ya mwana mpaka chaka chithe, zimalizidwe, zimene banja lingathe, zipitirire ndipo aliyense adziwe gawo lake, zimene simungathe, kauzeni munthuyo pamaso, mwezi umodzi kapena iwiri thandizo lisanaleke. Kumuuza kuti simukwanitsa ndi ulemu kuposa kumusiya akudikira pakhomo.

Cholakwika chofala apa n'chofanana ndi cha mitengo 70 ija. Misozi ili m'maso, wina amaimirira n'kulonjeza thumba la maphunziro m'dzina la malemu, ana khumi chaka chilichonse. Chaka choyamba ndalama zimasonkhedwa, chachiwiri zimachepa, chachitatu ana khumi aja ali panjira ndipo dzina la amayi ndi limene likutchulidwa pa kukhumudwa kwawo. Lonjezo liyezedwe ndi chaka chimene banja lavutika kwambiri, lichulukitsidwe ndi zaka zimene mwanayo watsala nazo pasukulu, kenako muone ngati ndi ana khumi kapena mmodzi. Ndipo ine sindiona chifukwa chodindira dzina la malemu pa chilichonse chimene mwapereka. Ngati iwo ankapereka usiku, pakhomo la kuseri, kuti wolandira asachite manyazi, kujambula wolandirayo n'kumuika pa Facebook ndi kusintha khalidwe limene mukuti mukulikumbukira.

Akuluakulu anati kupatsa n'kuika, ndipo pa nkhani ya zomera mawuwa ndi oona ngati masamu. Mayi amene kwa zaka 30 ankathyolera alendo nthambi za maluwa ake ndi kuwapatsa njere m'kapepala anasunga dimba lake m'makomo makumi angapo. Ngati mwachedwa, zitini zauma ndipo mtengo wadulidwa kale, yambani kufunsa kumeneko. Mwina duwa limene mukulirira likuphuka kuseri kwa nyumba ya munthu amene simunamuganizire. Inunso mbande zanu zikagwira, pakatha miyezi itatu kapena inayi m'machubu, zigaweni. Wolandira mumuuze dzina la chomeracho, kuti n'chokwatitsa kapena ayi, kuya kwa dzenje ndi kuchuluka kwa madzi. Musapereke mbande zisanu kwa munthu amene madzi amatunga kutali, mpatseni imodzi. Ndipo m'kope lembani tsiku, mtundu ndi kumene mbande iliyonse yapita, n'kudzayenderako pachimake pa nyengo youma, pamene zimadziwika kuti yagwira ndi iti.